Mmene mungaphikire maamoul a tende osauma gwa komanso osanyenyeka

Mwezi wa Ramadan ukamapita kumapeto, kapena Isitala ikayandikira, madandaulo awiri omwewo amabwereranso. Wina amati, "Ndatsatira zonse zimene zinalembedwa, koma maamoul anga atuluka ouma gwa, osalumika." Wina amati, "Anga akunyenyeka ndisanawachotse n'komwe pa thireyi." Onse awiri amaloza chala uvuni, koma nthawi zambiri uvuni ulibe mlandu. Vuto limayambira m'beseni, pamene semolina, tirigu wopera mokhakhala, akukumana ndi mafuta, kenako ndi madzi, ndipo pamenepa ndi pomwe malangizo ambiri amangodutsapo ndi mzere umodzi. Ndalemba zonse pano kuti wofunsa mawa adzangowerenga yekha.

Maamoul ndi timakeke tating'ono ta ku Lebanon, Syria, Palestine ndi Jordan. Kunja kwake ndi chikhungwa cha semolina ndi mafuta, m'kati mumakhala tende wosinja, kapena mtedza wa walnut kapena wa pistachio. Asilamu amawapanga pa Eid al-Fitr ndi Eid al-Adha, Akhristu a kumeneko pa Isitala, ndipo kawirikawiri ndi ntchito ya gulu: amayi apabanja ndi oyandikana nawo amasonkhana, wina akubulungiza, wina akuika tende, wina akumenya chikombole. Ku Egypt kuli kahk, ku Iraq kuli kleicha, zofananirako koma za mtanda wina. Kaumbidwe kake kamakuuzani za m'kati musanalume: ophwatalala ozungulira amakhala a tende, otumphuka pamwamba a walnut, otalika a pistachio. Pano tikukamba za a tende okha.

Tende ndi chipatso chija Asilamu amamasulira nacho kusala kwawo dzuwa likalowa. Ena amati madeti. Chimachokera ku mtengo wa mtundu wa kanjedza umene umabala bwino m'madera otentha ndi ouma a ku Arabia ndi kumpoto kwa Africa.

Dziwiranitu kuti iyi ndi ntchito ya masiku awiri. Madzulo a tsiku loyamba imatenga mphindi 20 zokha, tsiku lachiwiri maola atatu kapena kupitirirako. Ngati alendo akubwera lero lomwe, phikani china.

Zofunika, za maamoul pafupifupi 40

Za mtanda: semolina wokhakhala magalamu 350, semolina wosalala magalamu 150, ufa wa tirigu magalamu 100, ghee (batala wochotsedwa madzi) magalamu 250, shuga magalamu 60, yisiti wouma theka la supuni ya tiyi, mahlab wopera supuni ya tiyi imodzi ngati mwamupeza, mchere wotsina ndi zala ziwiri, madzi a maluwa a malalanje mamililita 60, madzi a rozi mamililita 20, ndi mkaka wofunda mamililita 40 mpaka 70.

Za m'kati: tende wochotsa njere magalamu 500, ghee supuni zazikulu 2, sinamoni supuni ya tiyi imodzi. Mukagula tende wa njere, gulani magalamu 600, chifukwa njere ndi tizipewa take zimadya gawo lina la kulemerako.

Sikelo ya kukhitchini ndiyo yodalirika. Ngati mulibe, gwiritsani ntchito kapu ya mamililita 250: semolina wokhakhala makapu 2, wosalala kapu imodzi yosadzaza kwenikweni, ufa wa tirigu magawo atatu a magawo anayi a kapu, ghee wosungunula kapu imodzi ndi supuni zazikulu 2, shuga supuni zazikulu 5.

Semolina ndi tirigu wopera mokhakhala, wa timibulu timene mumatimva mukatikita pakati pa zala. M'masitolo a amwenye mukamupeza atalembedwa suji, sooji kapena rava. Aluya amatcha wokhakhala uja smeed, wosalala farkha. Mukapeza mtundu umodzi wokha, tengani wosalala magalamu 500 ndipo zonse ziyenda. Ngati ndi wokhakhala yekha, perani gawo limodzi mwa atatu mu blenda kwa mphindi imodzi. Musalowetse mgaiwa kapena ufa woyera m'malo mwake ngakhale akuoneka ofanana. Chimanga chilibe gluteni, chinthu cha m'tirigu chimene chimagwirizitsa mtanda, ndiye chikhungwa sichingatseke.

Mahlab ndi maso a m'njere za mtundu wina wa chipatso chotchedwa cherry, onunkhira komanso owawirako pang'ono. Akasowa, msiyeni, maamoul adzakomabe. Koma pa madzi a rozi chenjerani. Alipo odya, aliponso odzola kumaso, amene nthawi zambiri amasakanizidwa ndi glycerine, ndipo mabotolo ake amafanana. Werengani chizindikiro. Botolo lolembedwa essence ndi lamphamvu kwambiri: madontho atatu kapena anayi m'madzi wamba akwana. Mukasowa madzi a maluwa onse awiri, ikani mkaka wa muyeso womwewo ndi khungu la lalanje limodzi lopala mosalala.

1. Konzani ghee

Ghee ndi batala wochotsedwa madzi ndi zotsalira za mkaka. Wogula m'chitini ndi wabwino ngati akununkhira bwino. Mununkhizeni kaye, chifukwa wokhalitsa amapereka fungo lake ku keke lililonse. Kupanga nokha n'kosavuta. Ikani batala wopanda mchere magalamu 350 m'poto pa moto wochepa. Asungunuka, achita thovu, ayamba kuthetheka. Msiyeni osavundula mpaka kuthetheka kuchepe, mafuta ayere mbee, ndipo pansi pakhale timibulu tofiirira. Zimatenga mphindi 15 mpaka 20. Phulani, sefani pa kansalu koyera. Mupeza wokwanira mtanda ndi tende yemwe.

Majarini wopaka pa buledi musamugwiritse ntchito. Ali ndi madzi ambiri, ndipo madziwo alowa mu semolina nthawi yake isanakwane. Mafuta ophikira amadzimadzi nawonso sagwira: mtanda umangotuluka mafuta m'manja, zojambula za chikombole n'kufufutika.

2. Tikitani semolina ndi ghee, ndipo musiye usiku wonse

M'beseni lalikulu sakanizani semolina wa mitundu yonse iwiri, ufa wa tirigu, shuga, mahlab ndi mchere. Thirani ghee wosungunuka, wofunda chabe moti chala chingapirire. Asakhale wotentha kwambiri.

Tsopano tikitani pakati pa zikhato ziwiri, mukunyamula ndi kugwetsa, kwa mphindi 5 mpaka 8. Cholinga n'chakuti kambulu kalikonse kavale mafuta. Mukamaliza, zikhale ngati mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa nyanja: mukafumbata zimagwirana, mukakhudza ndi chala zimamwazika. Pasapezeke malo oyera ouma, makamaka pansi pa beseni. Vundikirani, muike pamalo ozizira bwino m'nyumba, osati mufiriji, kwa maola osachepera 8. Maola 12 mpaka 24 ndi abwino koposa.

Anthu ambiri amadumpha kudikira uku poganiza kuti ndi mwambo chabe. Ufa wa tirigu wamba umamwa mafuta nthawi yomweyo chifukwa ndi wosalala, koma semolina ndi timibulu tolimba timene mafuta amalowamo pang'onopang'ono. Akalowa bwino, amachita zinthu ziwiri. Amafewetsa timibuluto kuti tisamalumike m'mano, ndipo amatchinga madzi amene muthire mawa kuti asadzutse gluteni wambiri. Kusungunuka m'kamwa kumene maamoul amadziwika nako kumachokera pa usiku umenewu. Mukafupikitsa kufika ola limodzi, mupeza keke lokhakhala, lamafuta kunja koma louma m'kati.

3. Konzani tende

Izi mutha kuchita madzulo omwewo kapena mmawa. Ng'ambani tende aliyense ndi manja, muchotse njere ndi kachipewa kolimba ka pamene panali phesi, ndipo muyang'ane m'kati. Tende wokhalitsa m'sitolo nthawi zina amakhala ndi timbozi kapena fumbi lakuda, woteroyo tayani. Ngakhale mwagula wolembedwa kuti alibe njere, kapena wopanikiza m'chibuma uja wophikira, mupapaseni ndi zala. Kachidutswa kamodzi ka njere katha kuthyola dzino la mlendo.

Mitundu yofewa monga Medjool, Khalas kapena Sukkari imasinjika yokha. Deglet Noor, wa ku Tunisia ndi Algeria, ndi wolimbirako, ndipo tende wotchipa wa m'mapaketi kawirikawiri amakhala wouma. Woumayo musamuviike m'madzi. Muikeni m'sefa yachitsulo pamwamba pa madzi owira, muvundikire kwa mphindi 10, nthunzi imufewetse. Woviika amamwa madzi ambiri, ndipo madziwo mu uvuni amasanduka nthunzi imene imaphulitsa chikhungwa.

Sinjani mu mtondo woyera wosanunkha nsinjiro, kapena mudutsitse m'makina opera nyama, kapena mu food processor. Blenda wamba imalephera, ndipo imakukakamizani kuthira madzi. Kenako ikani m'chiwaya pa moto wochepa pamodzi ndi ghee supuni 2 ndi sinamoni, mukutembenuza ndi mthiko kwa mphindi 3 mpaka 5, mpaka zigwirane n'kuyamba kusiya chiwaya. Shuga musathire, tende ali naye wochuluka kale. Amene amakonda cardamom, yemwe m'masitolo a amwenye amati elachi, aike theka la supuni ya tiyi. Tende wosinja chotere ku Lebanon ndi Palestine amamutcha ajwa.

Akazizira, pakani ghee m'manja, mubulungize timipira 40 ta magalamu 12 kapena 13 kalikonse, tivundikireni.

4. Thirani madzi: apa ndi pamene pagona nkhani

Vundukulani beseni. Ngati kunazizira usiku, mupeza zauma n'kukhala chibuma chimodzi, chifukwa ghee wagwirana. Ngati kunatentha, mupeza zofewa, zonyezimira mafuta. Zonse ziwiri zili bwino, koma siziyamba mofanana. Popeza Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, amene anaphunzira kupanga maamoul a Eid m'nyengo yozizira adzadabwa akadzawapanga m'nyengo yotentha, muyeso uli womwewo. Chibuma chouma chiphwanyeni ndi kuchitikita m'zikhato mpaka kutentha kwa manja kuchibwezere mwakale. Musathire madzi pa zibuluma. Madziwo angozungulira kunja, inu n'kuganiza kuti achepa, n'kuonjezera, ndipo ghee akadzafewa mudzapeza phala. Zikakhala zamafuta kwambiri chifukwa cha kutentha, ikani beseni mufiriji mphindi 15 zigwirane pang'ono.

Sungunulani yisiti mu mkaka wofunda mamililita 40 ndi shuga wotsina, mudikire mphindi 5 mpaka 10 kuti achite thovu. Yisiti wa apa si wofufumitsa mtanda kuti ukwere. Ntchito yake ndi kupepukitsa chikhungwa pang'ono chabe, ndiye musaonjezere. Wochuluka amatupitsa keke mu uvuni, zojambula n'kutha. Ngati mulibe, theka la supuni ya tiyi ya baking powder losakaniza mu semolina ligwira ntchito.

Wazani madzi a maluwa a malalanje ndi a rozi pamwamba ponse, kenako mkaka wa yisiti. Sakanizani ndi nsonga za zala, mukutembenuza kuchokera pansi ndi kusonkhanitsa. Musakande. Manja amene anazolowera kukanda mtanda wa mandasi kapena wa masikono amafuna kutsindira ndi chikhato, kupinda ndi kutsindiranso, aletseni. Kukanda kumalumikiza gluteni kukhala ulusi wautali, umene ndi wofunika pa buledi koma pa maamoul ndiwo umabweretsa kuuma gwa kuja. Mphindi imodzi kapena ziwiri zosonkhanitsa zakwana.

Pakadali pano mtanda uoneka wonyowa kuposa mmene mukuyembekezera, mwina womata ku zala. Musathamangire ufa. Semolina sanamwe. Vundikirani ndi pulasitiki kapena nsalu yonyowa pang'ono, musiye ola limodzi. M'ola limeneli timibulu timamwa madzi n'kutupa, ndipo mtanda umalimba wokha. Mtanda umauweruza pambuyo pa kupuma uku, osati kusanachitike. Ambiri mwa amene maamoul awo amauma anaona kunyowa koyambaku n'kuthira ufa. Ambiri mwa amene awo amanyenyeka anathira madzi ochepa kuti mtanda uoneke bwino nthawi yomweyo, semolina n'kuwamwa onse, mtanda n'kutsala wouma.

Ola likatha, yesani chonchi. Tengani kamtanda ka magalamu 25, kabulungizeni, kenako kaphwatalalitseni pakati pa zikhato mpaka kakhale kochindikala theka la sentimita. Yang'anani m'mphepete.

Ngati m'mphepete ndi mosalala, kapena muli timing'alu tating'ono timene timatsekeka mukasisita ndi chala, mtanda wafika. Ngati mwang'ambika kwambiri ndipo tizidutswa tikugwa, madzi achepa: thirani mkaka wofunda supuni yaikulu imodzi, sonkhanitsani, dikirani mphindi 10, yesaninso. Supuni imodzi imodzi, osati kungotsanulira, ndipo kawirikawiri simudzapitirira supuni ziwiri. Ngati ukumata m'manja ndipo ukukana kusiya chikhato, wazani semolina wosalala supuni imodzi, mudikirenso mphindi 15. Ngati ukusiya mafuta oyenderera m'manja, vuto si madzi koma kutentha, ndipo mankhwala ake ndi mphindi 20 mufiriji.

Muyeso wa mkaka ndaupereka wa pakati pa 40 ndi 70 dala. Semolina wa makampani osiyana samwa mofanana, ndipo wokhakhala amamwa mochedwa kuposa wosalala. Nambala imodzi yokha yogwira pa semolina aliyense kulibe. Chimene chimakuuzani zoona ndi m'mphepete mwa kamtanda kaja.

Pali kuyesa kwina kumodzi musanayambe kuumba, ndipo n'kumene sikutchulidwa kawirikawiri. Ikani kampira ka tende pambali pa kampira ka mtanda, mudinikize chala pa kalikonse. Kufewa kwake kufanane. Tende akalimba kuposa mtanda, pomenya m'chikombole mtanda wokha ndi umene umayenda, tende n'kuboola chikhungwa. Akafewa kuposa mtanda, amathawira m'mbali n'kutulukira pa msoko. Wolimba mufunditseni pang'ono ndi kumukanda ndi ghee supuni ya tiyi imodzi. Wofewetsa mubwezereni m'chiwaya mphindi zingapo kuti madzi achoke.

5. Gawani, ikani tende, tsekani

Gawani mtanda wonse m'timipira ta magalamu 25 ndipo mutivundikire, chifukwa mphepo imatiumitsa msanga. Lamulo lake ndi magawo awiri a mtanda pa gawo limodzi la tende. Ngati chikombole chanu ndi chachikulu kapena chaching'ono, dzazani mtanda wopanda kanthu m'menemo mpaka m'milomo, muutulutse, muuyeze; magawo awiri mwa atatu a kulemerako akhale mtanda, lotsalalo tende.

Ikani kampira pa chikhato chakumanzere. Lowetsani chala chachikulu chakumanja pakati, muzizunguliza mukutsina m'mbali mpaka pakhale kakapu kochindikala mamilimita 4 kapena 5 mbali zonse. Ikani tende, kwezani milomo ya mtanda pamwamba pake, tsinani kuti patseke, ndipo bulungizani mofatsa mpaka msoko usaoneke. Musatsekere mpweya m'kati. Yang'anirani pansi pa kakapuko: ambiri amapyapyalitsa pamenepo ndi kuunjika mtanda pa msoko, keke n'kukhala lopsa mbali imodzi, laliwisi mbali inayo. Mukaona tende akuonekera, tsinani kamtanda kakang'ono mumatepo.

6. Menyani m'chikombole

Chikombole cha maamoul, chimene Aluya amati qalab, ndi thabwa la chogwirira lokumbidwa kadzenje ka zojambula. Masiku ano ziliponso za pulasitiki. Chamtengo chatsopano chipakeni mafuta ophikira ndi kuchisiya usiku, kenako muchipukute. Musanayambe, wazani semolina wosalala m'kadzenje, mugwedeze wotsala agwe; bwerezani pakatha maamoul atatu kapena anayi.

Ikani kampira mbali yosalala ili pansi, msoko ukuyang'ana kwa inu. Tsindirani ndi chikhato mpaka kadzaze dzenje ndi kulingana ndi thabwa. Tembenuzani, menyani nsonga ya chikombole kamodzi mwamphamvu m'mphepete mwa tebulo, dzanja lina lili pansi kuwakha. Likakana kutuluka, musalitokose ndi mpeni. Yalani kapulasitiki kopyapyala m'dzenje musanaike mtanda, mudzangokoka.

Popanda chikombole zimathekanso, ndipo ngakhale kwawo komweko ambiri amaumba ndi manja. Phwatalalitsani kampira mpaka kachindikale sentimita imodzi ndi theka, mudinikize chala pakati kuti pakhale kadzenje, kenako mulembe mizere ndi foloko kuchokera pakati kupita m'mphepete. Mano a foloko asafike pa tende. Kasefa ka tiyi koyalamo pulasitiki nakonso kamatulutsa keke lozungulira bwino.

Ndandalikani pa thireyi yoyala pepala lophikira, kapena yosapaka kanthu, popeza mafuta ali kale mu mtanda. Siyani mpata wa masentimita awiri, satupa kwambiri. Kukakhala kotentha, ikani thireyi mufiriji mphindi 20 isanalowe mu uvuni, kuti ghee agwirane ndipo zojambula zisasungunuke.

7. Phikani

Tenthetsani uvuni mpaka madigiri 190, kapena 175 ngati uli ndi fani, kwa mphindi 15 musanaike kanthu. Uvuni wosatentha mokwanira umasungunula ghee mtanda usanagwire, maamoul n'kuphwatalala m'dziwe la mafuta. Ikani thireyi pakati, imodzi imodzi, kwa mphindi 12 mpaka 15.

Musayang'ane pamwamba pofuna kudziwa ngati apsa. Pamwamba pamayenera kukhala potuwa. Tukulani limodzi la pakona ndi mpeni wophwatalala: pansi pakafiira mwagolide ndipo m'mphepete mwayamba kusintha mtundu, tulutsani. Adzamveka ofewa mukawakhudza, ndipo ndi mmene ayenera kukhalira. Wodikira kuti alimbe ali mu uvuni amawapsereza ndi kuwaumitsa, tende wa m'kati n'kulimba mosatafunika. Mabanja ena amakonda a tende ofiirirako pamwamba. Ngati ndi inu, yatsani moto wapamwamba mphindi imodzi kapena ziwiri zomaliza mutaima pomwepo.

Yambani ndi maamoul awiri okha oyesera. Akang'ambika pamwamba, mtanda wauma kapena tende wanyowetsa. Akaphwatalala, mtanda watentha kapena uvuni wazizira. Mwatsala ndi 38 oti muwakonze.

Amene alibe uvuni, kapena magetsi azima mtanda uli wokonzeka, atha kuphika pa mbaula. Tengani sefuliya yaikulu yokhala ndi chivundikiro chachitsulo, thirani mchenga woyera wouma wochindikala masentimita atatu, muike timiyala titatu tophwatalala pamwamba pake. Vundikirani, muike makala ochepa pansi ndi ena oyaka pa chivundikiro, itenthe mphindi 15. Yesani ndi ufa wa tirigu wowaza pa mbale yachitsulo: ukafiira mwagolide m'mphindi 5, kutentha kwakwana, ukada, chotsani makala ena pansi, ukangotuwa, onjezerani. Ikani maamoul pa mbale yachitsulo, mbaleyo pa timiyala, isakhudze mchenga kapena m'mbali mwa sefuliya. Moto wapansi ndi umene umawononga, ndiye ukhale wochepa kuposa wa pachivundikiro. Zungulizani mbale pakatha mphindi 7, ndipo yambani kuyang'ana pansi pa keke pa mphindi 12. Mbaula ikhale panja kapena pamalo opita mphepo, chifukwa mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha.

8. Asiyeni azizire

Mukatulutsa, musawasunthe kwa mphindi 30. Ali otentha, ghee akadali wamadzi ndipo palibe chimene chikugwira chikhungwa. Kuwanyamula nthawi imeneyi n'kumene kumaphwanya maamoul ambiri amene mtanda wake unali wabwinobwino. Akazizira amalimba okha. Asamutseni ndi mpeni wophwatalala, azizirirenso mpaka asamveke kufunda ngakhale pansi.

Shuga wa icing kawirikawiri amawazidwa pa a mtedza, a tende n'kusiyidwa osawaza chifukwa ndi otsekemera kale. Mukafuna kuwaza, dikirani azizire kotheratu, apo ayi shugayo asungunuka n'kukhala zigamba zonyowa.

9. Kusunga

Ikani m'chitini kapena m'kontena yotseka bwino, pepala pakati pa mizere, ataziziratu. Ofunda amatulutsa nthunzi imene imabweretsa nkhungu. Tsiku lowaphika si tsiku limene amakoma koposa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, chinyezi cha tende chimalowa m'chikhungwa, fungo la maluwa limakhazikika, ndiye aphikeni kutatsala masiku awiri kuti chikondwerero chifike. Pamalo ozizira ndi ouma amakhala milungu iwiri kapena itatu. M'nyengo yamvula kapena kumadera otentha, werengerani sabata imodzi, otsalawo muwaike mufiriza, momwe amakhala miyezi itatu. Powatulutsa, asiyeni asungunuke m'kontena yake yosatsegula, kuti thukuta la kuzizira ligwe pa chivundikiro osati pa makeke. Nyerere zimawapeza msanga, choncho chitini chikhale pa mbale ya madzi ngati m'nyumba mwanu zilimo.

Aperekeni ndi khofi wosathira shuga, monga amachitira kwawo, kapena ndi tiyi wopanda mkaka.